R Wofiira, Dzanja la Buluu

"Tembenuzani aliyense aone. Ndati tembenuzani!"

Aristide Rouvel anali atafiira mpaka m'makutu. Sanadikire n'komwe kuti wina amvere, anachigwira yekha chithunzicho ndi magolovesi ake achikasu n'kuchizunguliza. Kumbuyo, pa thabwa la pakati, panali chilembo chofiira, kukula kwake ngati chikhatho. R.

Onse anayandikira kuti aone.

Ku Paris kuno palibe wojambula amene samudziwa R ameneyo. Ndi chidindo chimene majaji a chionetsero cha boma amamenya pa matabwa a kumbuyo, aja amakokerapo chinsalu, akachikana chithunzi chako. Wakanidwa, nyamula, kazipita. Nde gulu ili, lomwe linkadzitcha A Panja, linali litalumbira kuti aliyense wotumiza chithunzi kwa majaji amenewo, kaya poyera kaya mobisa, watuluka m'gulu tsiku lomwelo.

"Sindinatumize," anatero Honorine Dacosse, mwini chithunzicho.

"Nde R wabwera yekha? Wayenda wapansi kuchoka kwa majaji?"

"Bambo Rouvel, chithunzi ichi ndajambulira pa boti la ochapa zovala. Chachoka pamenepo, chapita kuchipinda kwanga, chabwera kuno m'mawa uno. Basi."

"Mwamva? Boti." Rouvel anatembenukira amuna anzake. "Ife tikumenya nkhondo apa. Takana penti yawo yakuda ija, takana milungu yawo yamaliseche ndi mafumu awo a pa mahatchi. Tikupsa ndi dzuwa kumtsinje kusaka kuwala kwenikweni, atolankhani akutinyoza kuti timajambula ndi tsache. Nde mtsikana uyu akukagogoda kwa adani mwakachetechete. Mesa ndinanena ine? Mkazi m'gulu, ndinanena."

Bambo Thuillard, tcheyamani, nkhalamba ya ndevu zonunkha fodya, anatulutsa pepala la maina ndi pensulo.

"Pepa mwana wanga, lamulo tinagwirizana tonse." Anakoka mzere pa dzina la Honorine. "Pepalali likupita kosindikiza faifi koloko. Mawa tikutsegula."

Pakona panali Mayi Clotilde Vasselin, timisomali tiwiri pakamwa. Iwo ndi amene amakhoma matabwa ndi mafelemu a theka la ojambula a m'dera lino chimwalirireni amuna awo, ndipo tsikulo anali atabweretsa mafelemu oyera omwe A Panja amakonda. Honorine amakhala m'chipinda cha pamwamba pa shopu yawo. Miyezi iwiri yathunthu ankamuona akutsika masitepe manja atasweka ndi chisanu cha kumtsinje. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mlandu wonse unatha mphindi zinayi.

Analavulira timisomali m'dzanja.

"Tachibweretsani kuno."

Sanayang'ane R. Anayendetsa chala m'mbali mwa chinsalu, pamene chimapindikira pa thabwa. Misomali inali yokhota, ina yothinana ina yotayana, ndipo pambali pa uliwonse panali kabowo kopanda kanthu.

"Chinsalu ichi ndinachikoka ndine mu Febuluwale. Ine ndimakhoma msomali umodzi pa zala zitatu zilizonse, ndipo sindiphonya. Ntchito iyi si yanga. Wina wachizula pa matabwa ake n'kuchikhomera pa ena. Lero lomwe. M'mabowomu mulibe ndi fumbi lomwe."

"Akalipentala ayamba upolisi," anatero Rouvel. Awiri atatu anaseka.

Chala cha Mayi Vasselin chinakakamira pakona ya thabwa. Anachikweza, chili ndi banga lakuda ngati shuga wopserera. Ananunkhiza. Phula. Penti ya phula ija akale amaikonda, yomwe imapangitsa chithunzi kuoneka ngati chathiridwa supu ya nyama, ndipo siuma olo patapita zaka. Honorine alibe penti imeneyo. Mithunzi yake ndi ya buluu ndi pepo, mpaka anthu amamufunsa ngati maso ake ali bwino.

"Bambo Thuillard, ndiloleni nditembenuze zithunzi zinazo."

"Tazitembenuza kale zonse, mayi, zilibe kanthu. Zapachikidwa. Inu mungomaliza mafelemu."

Honorine anali atatuluka kale, chitseko chinamveka mpaka kumsewu. Wotchi inati thu koloko.

*

Gédéon, mlonda wa pakhomo, anali msilikali kale, ndipo mpaka pano amayankha ngati akupereka lipoti kwa kaputeni. Khutu limodzi linatsalira kunkhondo, nde umayenera kuima kumanja kwake.

"Ndinali pa malo anga, mayi. Sindinasunthe."

"Zoti atembenuza zithunzi, anthu anadziwa nthawi yanji?" anafunsa Mayi Vasselin.

"Leveni koloko. Tcheyamani analengeza. Akuti kwamveka mphekesera zoti wina m'gulu anatumiza kwa majaji, nde akabwerako ku lanchi aona kumbuyo kwa chilichonse."

"Dzulo palibe anadziwa?"

"Palibe, mayi. Nkhope zina zinasintha, koma ine nkhope si ntchito yanga."

Mayi Vasselin anagwedeza mutu. Nde ndi zimenezo. Munthu wabwera m'mawa ndi R wake kumbuyo, ali phee poganiza kuti chithunzi chikatsamira khoma palibe angaone. Mwadzidzidzi watsala ndi ola limodzi la lanchi. Kupala R sikungatheke, thabwa lopalidwa limaonekera kuposa R weniweniyo. Kukagula ena, tayimu palibe. Njira ndi imodzi, kuba matabwa a mnzako.

"Analowa ndani anthu atapita kukadya?"

"Pakhomo langa palibe. Koma kuli masitepe a kumbuyo. Makiyi ake ndi awiri, tcheyamani ndi mlembi."

"Mlembi ndi Rouvel."

"Ndi iwowo."

"Munamva kanthu?"

Gédéon anakanda khutu lakufalo. "Hamala. Ndimayesa ndinu. Koma kenako ndinati ayi. Inu mumakhoma ko-ko-ko ngati ng'oma ya perete. Uyu amati ko, kudikira, ko, kudikira. Kenako phu, pofewa. Kenako mawu."

"Mawu otani?"

"Mawu a ku balaki, mayi. Sindinganene pamaso pa mzimayi."

"Simunakwere kukaona?"

"Supu yanga ya anyezi ikanazizira."

Mayi Vasselin anamuyang'ana mpaka mkuluyo anatsitsa maso. Mtsikana wachotsedwa m'gulu chifukwa cha supu ya anyezi. Anameza mawu, panalibe nthawi yokalipa.

Zinsalu kuno zimagulidwa ndi manambala ngati nsapato. Matabwa a nambala 40 salowa pa 30, salowa pa 50. Anawerenga m'mutu mafelemu omwe anabweretsa m'mawa. A nambala 40 anali atatu okha. Ya Honorine. Ya Rouvel. Ndi ya Thuillard.

Makiyi awiri, zithunzi ziwiri, amuna awiri.

*

Shopu ya penti ya Bambo Pommerel ili misewu itatu kuchokera pamenepo, yopapatiza ngati bokosi la machesi, yonunkha mafuta. Mwini wake ndi munthu wolankhula monong'ona olo m'shopu muli yekha.

"Aa, achemwali anga a misomali. Mwabwera mukuthamanga, kwagwanji?"

Anamuonetsa chala. "Ichi n'chiyani?"

Pommerel anavala magalasi, ananunkhiza, n'kumwetulira ngati wakumana ndi m'bale wake. "Phula wabwino kwambiri. Wanga ameneyu. Wa ena amanunkha msewu."

"Mwa A Panja, amagula ndani?"

"A Panja? Penti yakuda? Aja amakuwa m'malesitilanti kuti m'chilengedwe mulibe mtundu wakuda?" Anayang'ana kukhomo. "Achemwali, shopu ya penti ili ngati kolapira kwa ansembe. Zolowa muno sizituluka."

"Honorine Dacosse amuchotsa dzina. Faifi koloko zatheka."

Kumwetulira kunatha. "Kamtsikana ka buluu kaja? Kamene kamandimalizira buluu yense m'shelefu?"

"Komweko."

Pommerel anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kuwapukuta, mpaka Mayi Vasselin anamenya pa tebulo.

"Chabwino, chabwino. Dzina sinditchula. Koma alipo wina amalowera khomo la kumbuyo, amafuna ndimukulungire mu nyuzipepala, eti anthu aziyesa wagula soseji. M'nyengo yozizira ino watenga machubu asanu ndi limodzi. Machubu sikisi, achemwali. Ameneyo si munthu woyeserera, ameneyo amakonzekera majaji."

"Ndi wa ndevu kapena wa magolovesi?"

"Ndi pomwe pavuta pamenepo." Anatsitsanso mawu. "Onse awiri amagula."

"Onse?"

"Winayo chubu imodzi pachaka. Amati ndi yopaka nsapato. Ine sindifunsa. Koma nsapato zake ndimaziona, sizinapakidwepo kanthu chibadwire."

"Wa sikisi ndi uti?"

Belu la pakhomo linalira, munalowa kasitomala. Pommerel anasanduka munthu wina pompo.

"Zikomo achemwali, moni kunyumba."

*

Mayi Vasselin anamupeza Honorine mu lesitilanti ya pakona, khofi atazizira patsogolo pake, akung'amba buledi tizidutswatizidutswa osadya. Pambali pake panali Zélie, mzimayi wochapa zovala wa pa boti lija, yemwe ali pakati penipeni pa chithunzicho akufinya chinsalu cha pabedi. Anali atathandiza kunyamula chithunzicho m'mawa ndipo anavala chipewa chake cha Lamulungu kuti adzione ali pakhoma. Zélie salankhula, amalengeza. Zaka makumi awiri akukuwirana ndi anzake pamwamba pa phokoso la madzi.

"Amayi a misomali, tamuuzeni mwanayu adye. Ine ndaima miyezi iwiri manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, msana wonsewu wapita, nde azibambo a ndevu angoti fuu ndi pensulo? Ndipite ndikawachape ine?"

"Mudzawachapa. Poyamba ndiuzeni, lanchi munadyera muno?"

"Tebulo lomweli. Mwanayu anandigulira supu."

"Bambo Thuillard analipo?"

"Mdala wa ndevu? Kuyamba mpaka kumaliza. Amakangana ndi mnzake kuti mthunzi wa pa chipale chofewa ndi wa mtundu wanji. Ola lathunthu. Ine ndinati abambo, bwerani pa boti mu Januwale mudzaone milomo yanga, mtundu wake ndi umenewo."

"Sanatulukeko?"

"Atuluke bwanji, akuwina?"

"Nanga Rouvel?"

Zélie anaseka mpaka anthu a matebulo ena anatembenuka. "Kadyonkho uja? Anaitanitsa nkhosa ya nyemba, mbale yodzaza, kuluma kamodzi, akuti ndikagule fodya. Fodya wake kaya amakagula ku Marseille. Anabwera anthu akunyamuka."

"Mukutsimikiza?"

"Shuwa. Mbaleyo ndadya ndine. Nyama yabwinobwino ingotayika?"

"Magolovesi anavala?"

Zélie anaima kaye. "Popita ayi. Ndinaona zikhadabo zake, zakuda ngati za wogulitsa makala. Pobwera ndi pomwe anali bwana wa magolovesi achikasu."

Honorine anasiya buledi. "Nde ndi iyeyo. Amene amakuwa kwambiri uja."

"Ndi iyeyo, mwanawe, koma nkhosa ya nyemba si umboni. Anena kuti anakagula fodya, ndipo azibambo aja amukhulupirira iye, osati wochapa zovala. Pepani Zélie."

"Palibe chopepesa, ndi mmene zilili."

"Matabwa ako ali kumbuyo kwa chithunzi chake, izo ndikudziwa. Koma matabwa ndi matabwa. Ake aja ndinakhomanso ndine, mtengo umodzi, sayizi imodzi. Ndinena bwanji kuti awa ndi a Honorine?"

Honorine anagwira mutu. Wotchi ya m'lesitilanti inati hafu pasiti folo.

"A mwanayu?" anatero Zélie. "Mesa ali ndi dzanja langa?"

Onse awiri anamuyang'ana.

"Iwe waiwala? Tsiku la mphepo lija chithunzi chinatsala pang'ono kugwera mumtsinje, ndinachiwakha ndine, manja ndangowatulutsa mu ndowa ya buluu. Unandikalipira ngati ndapha munthu." Anakweza dzanja lamanja. Chala chaching'ono chinali chodukira pakati, ntchito ya makina ofinyira zovala. "Zala zinayi ndi theka. Mupeze wina mu Paris muno."

Mayi Vasselin anali ataimirira kale.

*

Analowa atatu. Gédéon anawaona nkhope n'kungopatuka. Pamwamba, Thuillard anali akupinda pepala la maina kuti alipereke, azibambo ena akuwongola zithunzi pakhoma.

Cha Rouvel chinali pamalo abwino, moyang'anizana ndi windo, pomwe m'mawa panalembedwa dzina la Honorine ndi choko. Mtsinje, mitengo italiitali, thambo loyera mbee. Mayi Vasselin sanapemphe. Anachigwira n'kuchitsitsa.

"Mayi inu, musakhudze chithunzi changa!"

"Tembenuzani aliyense aone," anatero Mayi Vasselin. "Mesa ndi mmene timanenera muno?"

Anachizunguliza. Pa thabwa la kumanzere, zala za buluu, zowala ngati zapakidwa dzulo. Zinayi ndi theka. Zélie anabwera, chipewa chili pheee pamutu, n'kuika dzanja lake pomwepo. Linakwana ndendende.

"Bwana, tinakumana kuti ine ndi inu kuti ndikugwirireni matabwa?"

Wina kumbuyo anaseka, kenako anasiya.

"Ili ndi banga chabe," anatero Rouvel. "Buluu ali paliponse muno."

"Uyu si buluu wa penti, ndi wochapira." Mayi Vasselin anapinda m'mbali mwa chinsalu cha Rouvel. Mabowo awiriawiri, misomali yokhota. Kenako analoza m'mphepete, pomwe penti yowala imathera. Pansi pake panatuluka mzere wakuda, wonata. "Ndipo thambo lanu loyerali lavala malaya amkati a phula. Munachijambula chakuda kuti majaji akondwe. Anachikana. Mwachipaka zowala pamwamba n'kubwera nacho kuno ngati msilikali wamkulu wa kuwala. Vulani golovesi."

"Sindivula."

"Ya kumanzere yokha. Gédéon anamva hamala itagunda pofewa."

Thuillard anati, "Aristide, vula."

Inavuta kuvuka. Chala chachikulu chinali chotupa, chikhadabo chili bii.

Rouvel anakhala pa bokosi. Mawu ake aja a m'malesitilanti anali atapita. "Zaka khumi ndi ziwiri ndili muno. Bambo anga kwathu ku Limoges amafunsa chinthu chimodzi m'kalata iliyonse, walowa chionetsero cha boma? Sadziwa za A Panja. Akamva amayesa ndi gulu la anthu osowa pogona. Ndimafuna kamodzi kokha."

"Pa kutumizako sindikukuzengani mlandu," anatero Honorine. "Aliyense amatopa. Koma munaima apa n'kunditchula mtsikana wogogoda kwa adani. Matabwa anga ali kumbuyo kwanu."

Rouvel anayamba kuvalanso golovesi ija.

Thuillard anatsokomola, anakanda ndevu. "Eee, tiyeni tisapupulume. Nkhani ngati iyi ndi yofunika komiti ikhale pansi."

"Ya mtsikanayu inatenga mphindi zinayi," anatero Mayi Vasselin. "Ndinayang'ana wotchi."

"Iyi ndi ina, mayi."

"Ina pati?"

"Uyu ndi mlembi wathu. Atolankhani akangomva kuti mlembi wa A Panja anakapempha kwa majaji n'kukanidwa, atimaliza tonse. Aseka chaka chathunthu. Si iye yekha, ndi kuwala konse komwe tikumenyera."

"Kuwala," anatero Zélie. "Koma ndiye kwawala."

Honorine anatambasula dzanja. "Pepala."

Thuillard anamupatsa pamodzi ndi pensulo. Honorine anaibweza pensuloyo, anapita pa tebulo, anaviika cholembera mu inki n'kulemba dzina lake pamwamba pa mzere uja, zilembo zikuluzikulu. Anayang'ana dzina la Rouvel, lili bwinobwino pamzere wachiwiri, anayang'ana Thuillard. Mdalayo anayang'ana nsapato zake. Palibe m'chipindamo anatola pensulo kuti afufute dzinalo.

Honorine anapereka pepalalo kwa Gédéon, yemwe anali atakwera pambuyo pawo. "Thamangani nalo."

Msilikaliyo anamenya sawasha n'kutsika masitepe.

Mayi Vasselin anali atagwada kale pansi ndi pulayala. Anazula chinsalu cha Rouvel pa matabwa a buluu n'kuchisiya pansi, chili lende ngati thaulo lonyowa. Anazula cha Honorine pa matabwa a R. Kenako hamala, ko-ko-ko, msomali uliwonse m'bowo lake lakale, zala zitatu zala zitatu. Anachilowetsa mu felemu yoyera n'kuchipachika okha moyang'anizana ndi windo. Dzuwa la madzulo linagwa pa madzi a pepo, pa nsalu zoyanikidwa, pa mikono yofiira ya Zélie.

Zélie anavula chipewa.

Matabwa a R anatsala atatsamira khoma pafupi ndi khomo, opanda chinsalu, chilembo chikuyang'ana aliyense wolowa. Thuillard anawayandikira Mayi Vasselin, mawu ali pansipansi ngati a Pommerel.

"Mayi, ndinu nokha mungatipulumutse. Mungopala ka R aka, mubise bwinobwino, mumukhomere chinsalu chake monga mumachitira. Mawa chipachikidwe pakona, nkhani ithere muno."

Mayi Vasselin anaika hamala ndi pulayala m'thumba la epuloni. Anatola felemu yoyera ya nambala 40 yomwe inatsala, ya Rouvel, n'kuikolekera paphewa.

"Akhome yekha. Zala naini zamutsalira."

Anatsika masitepe osatseka chitseko.